Timasokosi M'bokosi la Khirisimasi

Anakumana chifukwa cha buluku long'ambika. Mzime anali pa makina ake osokera pamene mnyamata wina analowa mushopu chammbalimbali, kamera ili pakhosi, dzanja litaphimba kumbuyo.

"Achemwali, ndipulumutseni! Ndikukajambula ukwati, koma buluku landiukira."

Mzime anamulozera kuseri kwa katani. Buluku linatuluka lokha, mwini wake n'kutsala komweko, pakamwa pokha pakugwira ntchito.

"Manja amene akusoka bulukuwo sangasokeko mtima wanga? Nawonsotu ndi wong'ambika."

"Mitima sitisoka kuno. Khalani chete, ndingadzibaye."

Koma Mzime anaseka, ndipo kusekako ndi kumene kunamugwetsa m'mavuto! Anayamba kumutchula kuti Kamera, ndipo foni yake sinapumenso.

"Duwa langa, wadya? Ukapanda kudya iwe, njala imandipweteka ine."

"Switi wanga, ndajambula akwatibwi ambiri, koma diso langa likudikira iwe."

"Ine ndi iwe mpaka imvi. Ndikakunamiza, kamera yanga igwe m'madzi!"

Ndi mtsikana wake uti akanakayika? Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere, koma wokonda sang'amba nkhuyu asanadye.

Kwawo kwa Mzime, Khirisimasi inkayendera lamulo la bambo ake. Mphatso zonse ankaziunjika patebulo la pabalaza, ndipo palibe ankatsegula yake mobisa. Mwini mphatso ankaima pakati, kutsegula, n'kuikweza m'mwamba kuti onse aione ndi kuwomba m'manja. Komanso mwana akabwera ndi chibwenzi tsiku limenelo, ndiye kuti wanena kuti munthu wake ndi ameneyo. Akulu ake a Mzime onse anadzera momwemo, ndipo bambo ankadziguguda pachifuwa kuti ana awo sanawachititsepo manyazi. Iye monga wotsiriza, ankafunitsitsa kuti bambo adzamunyadirenso chimodzimodzi.

Pa Khirisimasi ya chaka chimenecho Mzime anaitana Kamera, ndipo iye anafika mochedwa, thukuta lili kamukamu. Anapereka moni mwaulemu wonse, n'kusolola m'chikwama bokosi lokutidwa ndi pepala lofiira.

"Pepani bambo, ndinali ndi kantchito kwinakwake."

"Palibe kanthu, mwafika," anatero bambo. "Mzime, mlendo ndi wako. Yamba ndi iwe."

Mzime anaima pakati. Anang'amba pepala, n'kupisa dzanja, n'kukweza m'mwamba asanayang'ane n'komwe.

Palibe anawomba m'manja.

M'dzanja lake munali timasokosi toyera ting'onoting'ono. M'bokosimo munatsala kachipewa ndi kamalaya ka khanda. Mayi anagwira pakamwa. Akulu ake anayang'anizana, kenako onse anayang'ana pamimba pake.

"Zimenezi n'chiyani?" anafunsa bambo. "Uli ndi pakati iwe? Ndipo wasankha kutiuza kudzera m'bokosi, pamaso pa alamu ako?"

"Ayi bambo! Ndilibe mimba ine! Kamera, lankhula!"

Kamera anayang'ana timasokosito, nkhope itachita kuyera. Kenako anatsika pampando n'kugwada.

"Bambo, tikhululukireni. Timafuna tikuuzeni bwinobwino. Mwanayo ndimusamala."

Mwana wake uti? Mzime anamva ngati wina wamuthira madzi otentha kumsana.

"Ukunama! Ukunamiranji?"

"Vomera kaye, switi," Kamera ananong'ona. "Ndikufotokozera panja."

"Bambo, ndikulumbira, akunama ameneyu!"

"Khala chete!" bambo anamenya tebulo, mphatso zina n'kugwa pansi. "Mwamuna angavomere mimba yoti kulibe? Wandivula, mwana iwe. Wandivula!"

Misozi inatsika, koma sinali ya chisoni. Mzime anali atapsa mtima. Nthawi yomweyo foni ya Kamera inalira pampando pamene anakhala. Kamera anaithamangira, koma Mzime anamuyambirira. Anaiyankha n'kuiika pokuzira mawu.

"Bambo a mwana, mukundiseka eti?" Anali mawu a mkazi, akuthwa ngati lumo. "Ine mimba yafika pakhosi, mapazi atupa, inu mukundisiyira nsapato za gogoda? Ndipite nazo kuchipatala? Zovala za mwana munalonjeza zija zili kuti?"

"Ndinu ndani, mayi?" anafunsa Mzime.

"Ndine mkazi wake. Nanga inuyo ndinu ndani pa foni ya mwamuna wanga?"

Mzime anadula foni. Zonse zinali poyera. Mabokosi anali awiri, pepala lofanana, ndipo mwini wake anawasokoneza pothamangira Khirisimasi ya nyumba ziwiri. Kantchito kaja kanali kameneko!

"Duwa langa, ndimvere," Kamera anakwawa ndi maondo. "Nsapatozo zinali zako, saizi yako yeniyeni. Uja ndinangolakwitsa, mtima wanga uli pa iwe."

"Usanditchulenso duwa, ndingakuswe ndi foni yomweyi! Zoti uli ndi mkazi zandipweteka, inde. Koma iwe unaona kuti wagwidwa, n'kusankha kundipachika mimba yabodza pamaso pa makolo anga kuti upulumuke? Chikondi chake ndi chimenecho? Ndiwe munthu iwe?"

Anabwezera timasokosito m'bokosi, n'kumukankhira pachifuwa pamodzi ndi foni yake.

"Mwanayo sanandilakwire, kamupatse zovala zake. Tuluka! Ndipo pashopu panga usadzapondeponso."

Kamera anatuluka osatsanzika. Chitseko chitatsekeka, mayi anayamba kutola mphatso zimene zinagwa zija, osadziwa poyang'ana.

Bambo anatsokomola. Ukali wonse unali utawathera, ndipo anaoneka okalamba.

"Mwana wanga, bwera ukhale pansi. Chilombo chija chapita. Tiyeni tipitirize, lero ndi tsiku lachisangalalo."

Mzime anawayang'ana, misozi ili chuchuchu. Bala la Kamera linali lalikulu, koma limene linkawawa kwambiri linali lina.

"Tipitirize? Bambo, mwandilera inu. Ndinakana, ndinalumbira, ndinalira pamaso panu. Munthu mwamuona lero lomwe walankhula kamodzi, inu n'kumukhulupirira. Uja ndimuiwala, ndi wapanjira. Nanga inu ndikuiwalani bwanji?"

Bambo anaweramitsa mutu. Mzime analowa kuchipinda n'kukhoma chitseko.