Chitseko Chinatseguka Chikepe Palibe

Thupi la Tanmay Karandikar linapezeka pansi pa dzenje la chikepe Lachiwiri m'mawa, pakampani ina yopanga zikepe ku Pune. Inspekitala Vasudha Phadke anafika 9 koloko, tiyi ali m'manja. Mayiwa anakalambira pantchito yaupolisi, koma nthabwala sizinawathere.

Anayamba ndi Zubeda Inamdar, mnzake wa malemuyo, poti dzulo lake anthu anawamva akulalatirana.

"Timakangana za masewera a kiriketi, Mayi," anatero Zubeda akupukuta misozi. "Timu yake ndi yombwambwana."

"Nanenso ndikanamulalatira. Nanga ntchito yake inali yotani?"

Zubeda anafotokoza. Tanmay anali ndi pulogalamu ya pakompyuta imene imayesa zonse zomwe chikepe chingachite. Ikapeza mmene ngozi ingachitikire, imalemba ndondomeko yake yonse. Sabata yatha inaonetsa chitseko chikutseguka chikepe palibe.

"A Bapat, injiniya amene anavomereza chikepechi, anati kompyuta ikulota. Tanmay anati akaonetsa akuluakulu lero."

Bambo Hrishikesh Bapat analandira Vasudha mu ofesi mwawo akumwetulira.

"Maloto a makina sindiwerenga, Mayi. Sindinawaone n'komwe."

"Ndithandizenibe, Bambo, ine za makompyuta ndine mbuli." Vasudha anayamba kuwerenga ndondomeko ija, imene Zubeda anawapatsa, koma moisokoneza dala. "Akuti chitseko chitseguka, kenako magetsi azima, kenako munthu adina batani..."

A Bapat anawadula mawu. Injiniya angapirire njala, koma osati kumva zinthu zikunenedwa cham'mbuyo.

"Ayi, ayi! Batani liyambe. Kenako muzimitse magetsi, muyatsenso chikepe chisanaime. Ndipo muchite changu, swichi ya magetsiyo ndi yolimba, imafuna manja awiri."

"Kani?" Vasudha anamwa tiyi wawo. "Kompyuta yanuyi ili ndi manja oti idziwe kulimba kwa swichi?"

A Bapat anayang'ana zikhato zawo.

"Ndinayesa ndekha Lamulungu, kuti ndimuchititse manyazi mwanayo," anatero motsitsa mawu. "Chitseko chinatsegukadi. Dzina langa likanathera pomwepo. Ndiye lero m'mamawa ndinamuitana kuti atsike kuchokera pamwamba, ine ndili paswichi. Tanmay amalowa m'chikepe maso ali pafoni. Ndimati anthu angonena kuti ndi vuto la magetsi."

Vasudha anaika kapu pansi n'kutulutsa unyolo.

"Tiyeni, Bambo. Koma pepani, titsikira pamasitepe."