Mpweya wa Juma

Masudi, mlendo wotsika komboyo, sitima yapamtunda yatsopano, ku Entre Lagos, anangopempha khala la moto. Anafika kwathu ku Chiuta kudzagula nsomba zouma, atavala magalasi akuda ndi wotchi yosayenda. Amayi anamupatsa khalalo paphale, iye n'kuyatsira ndudu.

Pakhomo pathu panali mtendere. Alongo anga awiri, Asani ndi Juma, ankatchuka pa sikiri, gule wa Chisilamu wofuna mpweya wambiri. Chaka chimenecho Juma ndiye anasankhidwa kudzatsogolera pa chikondwerero cha ziyala.

"Anyamata, zikomo wanga ndi uyu," anatero Masudi akuwalozetsa paketi. "Ku Nampula mwamuna amadziwika ndi utsi."

Asani anaseka. "Achimwene, utsi ndimaupeza waulere powamba nsomba. Ndikawonjezera, amayi andigulitsa pamodzi ndi makumba."

Tonse tinaseka, ndi Masudi yemwe. Koma Juma anaopa kuoneka mwana, ndipo analandira.

"Iwe Juma, chifuwacho sitinagule kukantina," anatero amayi atamva fungo. "Chikatha ukachipeza kuti china?"

"Ndi imodzi yokha, amayi."

Imodziyo inaitana zinzake. Posakhalitsa Juma anayamba kutapa makumba m'dengu la abambo n'kumakasinthanitsa ndi ndudu kusiteshoni. Abambo ankayang'ana dengu, n'kuyang'ana Juma.

"Mphaka wa chaka chino ali ndi manja," ankatero.

Patapita miyezi, ziyala inafika. Juma anaima pakati pa bwalo atavala mkanjo woyera. Pa nyimbo yachitatu mpweya unamuthera. Anatsokomola mpaka kugwada, kofia n'kugwera m'fumbi. Ana anafa nacho chiseko. Asani anangosendera n'kupitiriza nyimbo pomwe inadukira. Itatha, ndinamuona akutola kofia ija n'kuisasa fumbi asanamubwezere mbale wake.

Achinyamata anzanga, ndudu yoyamba munthu salandira chifukwa chokoma ayi. Amalandira poopa kusekedwa, kenaka fodyayo amadzamuseketsa pagulu. Wodziwa chimene akusungira chifuwa chake amakana akumwetulira, ndipo zimathera pomwepo.

Utsogoleri wa sikiri unapita kwa Asani. Juma analeka fodya movutikira, akutafuna nzimbe tsiku lonse mpaka nsagwada kuwawa.

M'mawa wina ndikusesa, ndinamuona akuchokera kunyanja. Anasuzumira uku ndi uku, n'kuika makumba anayi, ogwira yekha, m'dengu la abambo. Abambo anali pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde. Sanadzutse mutu.

"Mphaka uja walapa," anauza ukondewo.