Esitere ndi Belu la Pamtengo wa Mango

Esitere ndi mdzukulu wanga. Timakhala kwa Mponda, pafupi ndi mtsinje wa Shire. Esitere amakonda sukulu. Amafuna kudziwa kuwerenga. Koma Esitere ankaopa belu.

Belu la kusukulu kwawo ndi chitsulo cha gudumu la galimoto. Anachipachika pamtengo wa mango.

Ngwe! Ngwe! Ngwe!

Belu likalira, mtima wa Esitere unkagunda. Gu! Gu! Gu! Mpweya unkamuthawa. Ankatseka makutu n'kukhala pansi.

Zinayamba chaka cha mphepo yaikulu. Mphepo inasasula malata a nyumba yathu. Esitere anali m'kati, ndipo anavulala pamwendo. Bala la pamwendo linapola. Koma mantha sanapole.

Adokotala anati, "Agogo, mwanayu sanalodzedwe. Mantha otere ndi matenda. Amafuna kuleza mtima."

Kusukulu kunali mnyamata, dzina lake Sefu. Sefu anali ndi chitini. Ankanyang'ama kumbuyo kwa Esitere. Kenaka ankachimenya, pha! Pha! Pha!

Esitere ankakhala pansi, makutu otseka.

"Wamisala! Wamisala!" ankatero Sefu. Ana ena ankaseka.

Esitere anandiuza. Ine ndinachita mantha. Ine mantha ndi anga, sindibisa.

Ndinati, "Iwe mwana, tamvera. Usayende m'bango, muli ng'ona. Usatchule maina a akuluakulu. Ndiponso usadandaule. Masiku ano wodandaula samuona bwino. Tseka pakamwa."

Esitere anatseka pakamwa. Koma Sefu sanaleke. Lolemba, chitini. Lachiwiri, chitini. Lachitatu Esitere anakana chakudya.

Ndinati, "Basi, sukulu ithere pomwepa. Uzindithandiza kuyanika usipa pathandala."

Esitere analira. "Agogo, ine ndikufuna kuwerenga."

M'mawa tinapita kudoko. Amalume ake a Esitere, a Petulo, ankakoka khoka ndi anzawo. Ankakoka pang'ono. Ankapuma. Ankakokanso.

"Amalume, bwanji simuthamanga?" anafunsa Esitere.

"Khoka salikoka mothamanga, mwana wanga. Chingwe chingaduke. Umakoka, umapuma. Umakoka, umapuma."

Esitere anakhala pamchenga. Anakoka mpweya pang'onopang'ono. Anautulutsa pang'onopang'ono. Koka, puma. Koka, puma. Mtima unakhala pansi.

Kenaka anaimirira. "Agogo, ndiperekezeni. Ndikanena kwa aphunzitsi."

Mayo ine! Ine sukulu sindinaipondepo. Ndinamanga khadi lachipani pansonga ya chitenje. Munthu sudziwa amene ukumane naye panjira.

"Ulankhule motsitsa," ndinatero. "Ugwade. Usaloze munthu chala."

Tinapeza aphunzitsi pakhonde. Esitere anagwada. Mawu anakana kutuluka. Koka, puma. Koka, puma. Mawu anatuluka. Ananena za belu. Ananena za chitini.

Ine ndinayang'ana uku ndi uku. Palibe anatigwira.

"Wachita bwino kunena, Esitere," anatero aphunzitsi. "Nanga belu limakuopsa chifukwa chiyani?"

"Limalira mwadzidzidzi, ngati malata aja."

Esitere anaganiza. Anaganizanso. Kenaka anati, "Aphunzitsi, bwanji ndiziliza ndine? Ndikaliza ndekha, silindidzidzimutsa."

Aphunzitsi anamwetulira. Anaitana Sefu.

"Sefu, mnzako akadwala malungo, umamuseka?"

"Ayi, aphunzitsi."

"Awanso ndi matenda. Mantha amapweteka ngati malungo."

Sefu anayang'ana pansi. Anakanda mchenga ndi chala cha kuphazi. "Pepa, Esitere. Ine ndimati ndi masewera."

"Kwa ine si masewera," anatero Esitere.

"Chitinicho uzithirira nacho maluwa," anatero aphunzitsi.

Nthawi ya belu inakwana. Ana onse anaima chete. Esitere anatenga kachitsulo komenyera. Koka, puma. Koka, puma.

Ngwe! Ngwe! Ngwe!

Esitere sanakhale pansi. Sanatseke makutu. Amene analumpha ndine! Ndinathawira kuseri kwa mtengo, mpango uli m'manja.

Esitere anathamangira kwa ine. Anandigwira dzanja. "Agogo, kokani mpweya. Pumani. Ngati khoka."

Ndinakoka. Ndinapuma. Tonse tinaseka.

Mantha sanatheretu, ndisaname. Mvula ikagunda, amabweranso. Akabwera, Esitere amapuma ngati khoka. Wina akamuseka, amakanena. Sefu naye amati, "Musiyeni, ndi mwini belu ameneyo."

Dzulo Esitere analemba pamchenga ndi kamtengo. "Agogo, apa ndalemba kuti AGOGO."

Ndinayang'ana nthawi yaitali. Ndinaletsa nkhuku kupondapo.

Lero m'mawa ndinamuchenjezanso. "Usayende m'bango. Usadzimenye chala ndi chitsulo chija."

"Nanga pakamwa nditseke, agogo?"

"Ayi, mwana wanga. Pakamwa pokha usatseke."

Patapita kanthawi ndinamva belu ndili pathandala. Ngwe! Ngwe! Ngwe! Ndinauza anzanga kuti, "Mwamva? Ameneyo ndi Esitere wanga."