Mkazi Amene Anasandutsidwa Mlongo

Yudelka ndi Wilkin anayamba bwino. Ndikunena zimene ndinaona, chifukwa nyumba yawo ndi yanga kuno ku San Pedro zinangolekana ndi khoma la malata. Wilkin akachoka kubwalo la besibo, masewera oponya mpira n'kuumenya ndi chibonga, ankasambitsa mwana wawo Yeiri, kenako n'kukhala pakhomo kumasenda nthochi zoti mkazi wake aphike. Akazi enafe tinkangoyang'ana amuna athu ndi diso la mkwiyo.

Wilkin anali ndi mkono woponya mpira umene anthu ankasiyira ntchito kuti akauone. Koma anali ndi zaka 20, ndipo pa besibo kwathu kuno ameneyo ndi nkhalamba. Anthu osankha osewera a matimu a ku America akaona mwana wa zaka 16 akuponya mwamphamvu amati akula nazo. Wa zaka 20 akaponya chimodzimodzi amati wafika pomwe amathera.

Tsiku lina Don Plinio, mphunzitsi wake, anabwera ndi kalata yatsopano ya kubadwa. Dzina linali lomwelo, koma zaka zinayi zinali zitachotsedwapo.

"Nkhope yako ndi yosalala, idutsa," anatero Don Plinio. Kenako analoza Yudelka ndi mwana. "Vuto ndi awa. Mnyamata wa zaka 16 sakhala ndi mkazi ndi mwana woyenda. Mayi, kuyambira lero ndinu mlongo wake."

Yudelka anaseka. "Mlongo wogona naye bedi limodzi?"

"Miyezi isanu ndi umodzi yokha, mayi a Yeiri," anatero Wilkin. "Ndikangosaina ndi timu ya ku America, ndikumangira nyumba ya njerwa."

Yudelka anavomera. Akazife timavomera zambiri tikamaganiza za denga losadontha, osadziwa kuti dzina ukalibwereketsa silibwerera msanga.

Wilkin anasamukira kwa Don Plinio, kumene anyamata ophunzitsidwa amagona. Mphete ya ukwati anavula. Tinaphunzitsa Yeiri kunena kuti amalume, ndipo mwanayo akalakwitsa ankamenyedwa kakhofi pakamwa. Wofufuza za zaka za osewera atabwera kudera kwathu ndi kabuku, tonse tinanama ngati tinabadwa mimba imodzi. Yudelka ananama kuposa tonse.

"Nanga bambo a mwanayu ali kuti?" anafunsa wofufuzayo.

"Anathawa," anayankha Yudelka, Wilkin ataima pomwepo akuyang'ana nsapato zake.



Don Plinio anali ndi mwana wamkazi, Yahaira, wa zaka 21, amene ankaphikira anyamatawo. Nkhani zinayambira kugolosale, kumene akazi timagula mafuta a m'kabotolo. Wina anati wawaona awiriwo pa njinga yamoto, Yahaira atagwira Wilkin m'chiuno. Wina anati ndi Yahaira amene amamuika ayezi pamkono, chitseko chili chotseka. Zina zinali zowonjezera. Koma kuseri kwa bwalo, pomwe nzimbe zimayambira, ankakumanadi, ndipo Don Plinio sankaletsa. Mkamwini woti asainidwa posachedwa ndani angamukane?

Yudelka anauma. Ankamusiya mwana kwa ine n'kukaima kunja kwa mpanda wa bwalo dzuwa lili pamutu, kuwerenga kuti Yahaira wamupatsa Wilkin madzi kangati. Mkazi wina aliyense akanakalowa n'kukang'amba tsitsi la mnzakeyo, anthu n'kumuombera m'manja. Koma mlongo amachitira nsanje mlongo wake pa chifukwa chanji? Akanangotsegula pakamwa, bodza likanaululika, ndipo nyumba ya njerwa ikanagwa isanamangidwe. Nsanje imene munthu saloledwa kuinena ndi yoipa kuposa ina iliyonse. Imaphika munthu m'kati.

Kutatsala masiku atatu kuti asaine, Wilkin anabwera masana kudzatenga malaya ake oyera. Ndinali ndikuchapa, ndipo malata sabisa mawu.

"Ndasita diresi langa lobiriwira," anatero Yudelka. "Tinyamuka nthawi yanji Lachisanu popita kosainako?"

"Iwe supita. Don Plinio akuti mwanayu akufanana nane kwambiri, pa chithunzi anthu azindikira."

"Ndimusiya kwa anebawa."

"Ndati supita."

"Nanga Yahaira akupita?"

"Ndi mwana wa mphunzitsi."

"Ndakufunsa ngati akupita, Wilkin. Ine ndimuuze mwana wako kuti ndiwe amalume, ndinene pamaso pa mlendo kuti ndine hule wothawidwa, kuti iweyo uzikagona m'nzimbe ndi wophika nyemba uja?"

"Tsitsa mawu, mkazi iwe."

"Lero ndakhala mkazi?"

Wilkin anaseka, kuseka kwa munthu amene wayamba kale kudziona ali m'ndege. "Pa pepala ndili ndi zaka 16. Ndilibe mkazi, ndilibe mwana. Ukakadandaula kwa ndani?"

Atatero anagona pabedi kuti apumule, mkono wamanja atautambasula m'mphepete mwa bedi monga amachitira oponya onse. Ndinamva ziii, ndipo ndinaganiza kuti zatha. Ndinapitiriza kuchapa.

Kuseri kwa chitseko kunali chibonga chomenyera mpira. Yudelka anachinyamula ndi manja awiri. Sanalunjike kumutu. Anamenya pachigongono kawiri, ndipo kachitatu tinamugwira ife, ine ndi amuna anga. Kulira kwa Wilkin sindidzakuiwala. Sankaitana mayi ake kapena Mulungu. Ankangoti, "Mkono wanga, mkono wanga." Yudelka anakhala pansi n'kuyamba kuvula Yeiri nsapato, ngati palibe chachitika.

Kukhoti zonse zinatuluka: zaka zenizeni, ukwati, kalata yabodza. Don Plinio analumbira kuti nayenso ananamizidwa. Woweruza anati Yudelka anasankha dala malo oti amenye, ndipo anamupatsa zaka zisanu.

Ena amati analakwa Wilkin, ena amati Yudelka. Ine ndimati tonse tinaikapo dzanja, ife amene tinkaphunzitsa mwana kukana bambo ake tikuganiza kuti tikuthandiza. Zaka ungazichotse pa pepala, koma mkazi ndi mwana amene unapeza m'zaka zimenezo sachoka. Ndipo mnzanga, mwamuna akakulakwira, usamuwonongere chimene ana ako akanadyera. Lero Wilkin amayendetsa njinga yamoto ya kabaza ndi mkono wosawongoka. Yahaira akuika ayezi pa mkono wa wina.

Mwezi watha ndinapita kundende kukamuona Yudelka. Ndinamutengera sopo ndi mpunga. Waonda, tsitsi analimeta. Ndinkayembekeza kuti afunsa za mwana, amene tsopano amagona ndi ana anga. Anagwira waya wotilekanitsa n'kundifunsa.

"Wilkin amandifunsa?"

Chigamulidwire mlandu, Wilkin sanatchulepo dzina lake. Ndinamuuza kuti inde, amafunsa. Kunama ndinazolowera.