Teleza ndi Kamtengo ka Leah

Teleza anali kamtsikana ka pa esiteti ya tiyi ku Thyolo. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna abambo ake abwere kunyumba.

Abambo ake anali a Malizani. Tsiku lina ankagwetsa mitengo kuti mzungu adzale tiyi wina. Mtengo unawagwera paphazi. Anzawo anawanyamula pa machira. Anapita nawo kuchipatala cha mishoni ku Makwasa.

Teleza ndi makolo ake anali alendo kuno. Anachokera kutali, kuseri kwa phiri la Mulanje. Anafika nthawi ya mvula. Kanyumba kawo kanali pamalo a mzungu. Ndipo lamulo linali lakuti wosagwira ntchito asamuke.

Kapitawo, woyang'anira antchito, anabwera pakhomo.

"Amuna anu abwera liti?" anafunsa.

"Akudziwa ndi Mulungu," anayankha amayi a Teleza.

"Akalephera ntchito, muno mulowa ena," anatero kapitawo.

Teleza anamva zonse. Anali kuseri kwa chitseko.

Nyumba yoyandikana ndi yawo inali ya kwa Leah. Leah anali mnzake wa Teleza. Ankatunga madzi limodzi. Ankasewera phada limodzi.

Koma taonani!

Leah anali ndi nsalu yatsopano. Ya Teleza inali yazigamba.

Leah anali ndi abambo pakhomo. A Teleza anali kuchipatala.

Leah analinso ndi kamtengo ka tiyi, kakekake. Teleza analibe ngakhale katsamba.

Abambo a Leah anali a Amosi. Ankagwira ntchito ku nazale, kumene amafesa njere za tiyi. Kamtengoko anakatola pa mbande zotaya. Leah anakadzala kuseri kwa nyumba. Kanakula mpaka m'chiuno mwake. Masamba ake anali biriwiri.

A Amosi akaweruka, Leah ankawathamangira. Iwo ankamukweza pamapewa.

"Ndikuona Mulanje!" ankafuula Leah. "Teleza, ndikuona Mulanje!"

Teleza ankayang'ana kumbali. "Mulanje wachiyani?" ankang'ung'udza. "Ife tinadutsa pomwepo ndi miyendo."

Nsanje, anzanga! Imayamba yaing'ono ngati nyerere. Koma ikaluma, munthu sakhazikika.

Teleza akaona nsalu ya Leah, mtima unkamuwawa. Akaona kamtengo ka Leah, mtima unkamuwawa. Akamva Leah akuseka, mtima unkamuwawa koposa.

"Amayi," anatero tsiku lina, "kodi Mulungu amakonda Leah yekha?"

"Asa! Wamva kwa ndani zimenezo?"

"Nanga bwanji Leah ali ndi zonse?"

"Mulungu sagona, mwanangu," anatero amayi. "Ifenso akutiona."

"Ndiye kuti ife akutiona ndi diso limodzi," anatero Teleza.

Amayi anagwira pakamwa. Sanadziwe kuti aseke kapena alire.

Nyengo yozizira inafika. Chifunga chinakuta minda ya tiyi. Abambo sanabwerebe.

Linafika tsiku la Sabata. Anthu anavala bwino kupita kukapemphera. Leah anavala nsalu yake yatsopano ija.

"Teleza, tiye!" anaitana Leah.

"M'mimba mukundipweteka," anatero Teleza.

Bodza! M'mimba munalibe kanthu. Chimene chinkapweteka ndi mtima.

Onse anapita. Pakhomo panali zii. Teleza analowa m'nyumba. Anatenga chikwanje cha abambo ake. Ananyang'ama mpaka kuseri kwa nyumba ya Leah.

Kamtengo kaja kanali pomwepo, biriwiri.

"Nawenso umanyada," anatero Teleza.

Khaa!

Kamtengo kanagwa. Panatsala kachitsa kokha.

Teleza anadikira kuti asangalale. Anadikira. Anadikirabe. Chimwemwe sichinabwere.

Anthu anabwerako kokapemphera. Posakhalitsa kunamveka kulira.

"Mayo ine! Kamtengo kanga! Kamtengo kanga!"

Anali Leah. A Amosi anathamangira komweko. Amayi a Teleza anapitanso. Teleza ankabwera pambuyo, akukoka miyendo.

"Iwe unatsala pakhomo," anatero a Amosi. "Unaona chiyani?"

"Ndi mbuzi," anatero Teleza.

A Amosi anawerama. Anagwira kachitsa kaja ndi chala.

"Ee, mbuzi yake ndi yochenjera ndithu," anatero. "Imayenda ndi chikwanje chakuthwa."

Teleza anayang'ana pansi. Anakumba dothi ndi chala chakuphazi.

"Ndine," anatero chapansipansi.

"Iwe?" anafunsa Leah. "Ndakulakwira chiyani?"

"Iwe uli ndi zonse!" anafuula Teleza. "Uli ndi nsalu. Uli ndi kamtengo. Uli ndi abambo. Ine ndili ndi chiyani?"

Misozi inali mbwee.

"Usandiyankhulenso!" anatero Leah. Anathawira m'nyumba.

Amayi a Teleza anagwada. "Pepani, a Amosi. Mwanayu wandichititsa manyazi."

"Dzukani, mayi," anatero a Amosi. "Mawa mundibwereke mwanayu. Ndikufuna akaone kanthu."

Kutacha, a Amosi anatenga Teleza. Leah anatsatira, atatupa masaya. Anakwera kamtunda. Anafika pamunda waukulu wa tiyi.

Teleza anaima njii.

Amuna ambiri anali m'mundamo ndi mipeni. Khaa! Khaa! Khaa! Ankadula tiyi. Kumbuyo kwawo kunali zitsa zokhazokha.

Teleza anali asanaonepo zotere. Paja anali mlendo.

"Mayo!" anafuula. "Akupha tiyi yense! Kodi nawonso achita nsanje?"

A Amosi anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Sakupha, akudulira," anatero Leah. "Sudziwa kanthu iwe." Kenako anakumbukira kuti sakuyankhulana. Anatseka pakamwa msanga.

"Tiyi timamudula dala," anatero a Amosi. "Amaoneka ngati wafa. Koma mvula ikagwa, amaphukanso."

"Ndiye ka Leah kadzaphukanso?" anafunsa Teleza.

"Kaya," anatero a Amosi. "N'kakang'ono. Ndipo iwe unadula pansi kwambiri. Koma muzu ukakhala wamoyo, chiyembekezo chilipo."

"Muzuwo tiuona bwanji?"

"Sitiuona. Uli pansi. Amauona ndi Mulungu."

"Nanga ine ndichite chiyani?"

"Uzikathirira m'mawa uliwonse. Uphimbire ndi udzu. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Teleza anayamba ntchito. Ankatunga madzi m'kamtsuko. Ankathirira kachitsa. Ankayang'ana.

Palibe.

Mawa lake ankathiriranso. Ankayang'ananso.

Palibe.

Leah ankadutsa osapereka moni. A Amosi akaweruka, ankamukwezabe pamapewa. Kodi mukuganiza kuti nsanje ya Teleza inatha? Ayi ndithu! Inkamulumabe. Koma tsopano chikwanje sankachiyang'ana n'komwe.

Kuzizira kunatha. Dzuwa linayamba kutentha. Udzu unauma. Kachitsa kanali gwa, ngati chikuni.

Tsiku lina amayi anapita ku Makwasa kukaona abambo. Anabwerako maso ali ofiira. Anamukhazika Teleza pamphasa.

"Phazi la abambo ako linakana kupola," anatero. "Adokotala alidula kuti iwo akhale moyo."

"Alidula?" anafunsa Teleza. "Ndiye agwira bwanji ntchito? Ndiye tisamuka?"

"Sindikudziwa, mwanangu. Koma ali moyo. Tithokoze Mulungu pa chimenecho."

Teleza anatuluka. Anatenga kamtsuko kake. Anapita pa kachitsa kaja. Anagwada pomwepo.

"Mulungu," anatero, "abambo anga awadula ngati kamtengo aka. Ine ndinalakwa. Pepani. Inu mumaona mizu ili pansi. Tioneninso ife. Mutione ndi maso onse awiri."

Analira kwambiri. Kamtsuko kanapendekeka. Madzi anayamba kutayika.

Dzanja lina linagwira kamtsuko kaja. Linali la Leah.

"Ukutaya madzi," anatero Leah. "Bweretsa kuno. Suthirira bwino n'komwe."

Leah anathirira. Kenako anakhala pansi pafupi ndi Teleza. Nayenso ankapukuta maso.

"Ndakhululuka," anatero Leah. "Koma phada ndiyamba ndine."

Madzulo amenewo Leah sanafune kukwera pamapewa. Anagwira abambo ake dzanja. Anawanong'oneza kanthu.

Mawa lake a Amosi anapita kwa kapitawo.

"Ku nazale tikufuna munthu wosankha njere," anatero. "Aziziviika m'madzi. Zomira tifese, zoyandama titaye."

"Ndiye mukufuna yani?" anafunsa kapitawo.

"A Malizani."

"Munthu wa phazi limodzi?"

"Njere sasankha ndi phazi, akapitawo," anatero a Amosi. "Amasankha ndi manja, atakhala pansi."

Kapitawo anakanda mutu. "Ndikaganize," anatero. Sanavomere. Sanakane.

Atsikana awiri aja ankathirirabe. Ankayang'anabe.

Palibe.

Kenako mitambo inada. Mphezi inang'anima. Mvula inagwa, yambiri ndithu! Dothi linanunkhira. Achule anayamba kuimba.

M'mawa wina Teleza anasuzumira pa kachitsa. Anatikita maso. Anasuzumiranso.

"Leah! Leah! Thamanga!"

Pa kachitsa panali timphukira. Kena uku, kena uko, kena kuseri. Tinali tating'ono, tobiriwira, tonyezimira.

"Kaphuka!" anafuula Leah.

"Kaphuka!" anafuula Teleza.

Anagwirana manja. Anavina m'matope. Nsalu yatsopano ndi nsalu yazigamba zonse zinada mofanana.

A Amosi anabwera kudzaona. "Kale kanali ndi nthambi imodzi," anatero. "Taonani tsopano. Kadzakhala kotambalala."

Timphukira tinakula. Tinasanduka tinthambi ta masamba.

Tsiku lina masana kunamveka ngolo. Gwede, gwede, gwede. Ng'ombe zinaima pafupi ndi nyumba. Munthu anatsika pang'onopang'ono. Anali ndi ndodo ziwiri. Anali wowonda. Koma kumwetulira kwake Teleza anakudziwa.

"Abambo! Abambo!"

Teleza anathamanga. Anawakumbatira m'chiuno. Pang'ono onse akanagwa.

"Pang'onopang'ono, mayi wanga," anatero abambo akuseka. "Mwendo watsala umodzi, usauthyole."

Amayi analulutira. Anthu anatuluka m'nyumba zawo. Kapitawo nayenso anafika. Teleza atamuona, anawagwiritsitsa abambo ake.

Kapitawo anayang'ana ndodo zija. Anayang'ana manja a abambo.

"A Malizani," anatero, "mukapuma, mupite ku nazale. Njere zikukudikirani."

"Ndiye sitisamuka?" anafunsa Teleza.

"Simusamuka," anatero kapitawo.

"Ambuye alemekezeke!" anatero amayi. Anagwada pabwalo pomwepo. Onse anapemphera.

Atatha, Teleza anakoka abambo ake. Anawaonetsa kamtengo ka Leah. Anawauza zonse, za chikwanje ndi za mbuzi yomwe.

Abambo anapukusa mutu. "Nsanje ndi yoipa, mwanangu."

"Ndikudziwa, abambo."

Abambo anayang'ana tinthambi tija nthawi yaitali. Anayang'ananso mwendo wawo.

"Ineyo ndi kamtengo aka ndife pachibale," anatero. "Mulungu sanathane nafe."

Anakhala pampando. Anaika ndodo pansi. Anamenya phewa lawo.

"Kuimirira nawe sindingathe. Koma kwera."

Teleza anakwera pamapewa. Anagwira mutu wa abambo ake. Anatukula khosi.

"Ndikuona Mulanje!" anafuula.

"Bodza!" anatero Leah. "Pansi pomwepo? Ukungoona kamtengo kanga."

Onse anaseka. Koma Leah anaima pambali, chala chili pakamwa. Ankayang'ana Teleza ndi diso la nsanje. Teleza analidziwa bwino diso limenelo.

Anasendera mbali imodzi.

"Bwera, Leah," anatero. "Phazi ndi limodzi, koma mapewa ndi awiri."