Dothi la Mkamwini

Moto unabuka Lachiwiri cha m'ma 6 koloko m'mawa. A Chikombole aumba njerwa zaka makumi atatu, koma anali asanaonepo dothi likuyaka. Tsikulo mulu wotsala pambali pa uvuni unalilima ngati udzu wouma. Mng'ono wawo, yemwe ankasonkhezera nkhuni, anapsa manja onse awiri.

Masana, pochokera kuchipatala, a Chikombole anapeza sajeni wa polisi atanjuta pamuluwo. Anali mayi wa maso ofiira ndi tulo. Anatapa dothi, nalinunkhiza.

"Dizilo uyu. Dothi ili mwalitenga kuti, bambo?"

"Dothi ndi dothi, mayi."

"Ndatopa kale ine. Musandizungulitse."

Sajeni anafotokoza mwachidule. Thanki yapansi ya pamalo omwetsera mafuta a pamphambano inabooka, mafuta n'kumalowerera m'nthaka. Kampani yoyeretsa inakumba dothi lonyowalo, matipa khumi ndi awiri, kuti likatayidwe kudzala lotetezedwa, ulendo wa maola awiri. Kudzalako kunafika asanu ndi atatu okha.

A Chikombole anayang'ana pansi. Anayi enawo ankadziwa kumene anathera. Amene anabwera nawo anali mkamwini wawo, dalaivala wa kampaniyo, akumwetulira mano onse pamtunda.

"Apongozi, dothi laulere ili," anatero tsikulo. "Mutiumbire njerwa, mwana wanu atuluke m'nyumba ya lendi."

Fungo analimva ndithu, mphuno anali nayo. Koma chaulere chimatseka mphuno. Anadziuza kuti dzuwa liumitsa zonse.

Kwa sajeni sanatchule munthu.

Lachitatu mwana wawo wamkazi anawapeza pakhonde la chipatala, mimba ili kutsogolo.

"Bambo, musamutchule. Akamangidwa ine nditani ndi pakati apa?"

"Nanga bambo ako aang'onowa?"

"Apola. Mungonena kuti inali tipa yosadziwika."

Chibale ndi fupa, sichiwola. Koma mbali zonse ziwiri kunali chibale, ndipo a Chikombole analema nazo. Analowa mu wodi. Mng'ono wawo anapempha madzi. Manja anali mitolo iwiri ya mabandeji, choncho kapu anamugwirira ngati khanda.

"Achimwene," anatero atameza, "manja awa adzagwiranso khasu?"

A Chikombole anayika kapu pansi, natenga chipewa, ulendo wa kupolisi.

Lachinayi 10 koloko mkamwini anali padzenje la thanki lija, tipa ikulira, akudikira kupakiridwa. Sajeni anagogoda pachitseko.

"Zimitsa. Tsika."

"Ndalakwanji, mayi?"

"Maulendo anayi sunafike kudzala. Dizilo amene kampani inakupatsa wa maulendowo ali kuti?"

Mkamwini anaona apongozi ake ataima kuseri kwa galimoto ya polisi, chipewa chili m'manja. Mapewa anagwa.

"Ndinagulitsa. Aliyense amatero. Apongozi, si ndimafuna timange nyumba?"

Unyolo unati khetche.

Lachisanu kunabwera matipa a kampani ija, dalaivala ali wina. Anthu ovala magolovesi anapakira mulu uja, kenako njerwa zonse, zowotcha ndi zosawotcha zomwe. Palibe inatsala ngakhale yotsamira chitseko.

Mwana wawo anaima pamsewu, dzanja lili pamimba, kuonerera nyumba yake ikupita kudzala. Bambo ake atadutsa pafupi, anatembenuzira nkhope kumbali.

A Chikombole sanaime. Nthawi yoona odwala inali itakwana, ndipo kunali munthu wodikira kudyetsedwa. Supuni inali m'thumba la malaya.