Mapiritsi a M'nsapato

Mphenzi anakhala moyang'anizana ndi dokotala atagwira pamimba, nsapato zake zothamangira zili pamiyendo. Dzinali anam'patsa ndi anzake kusukulu, poti pa mpikisano onse ankangomuona msana. Loweruka kunali kusankha timu yaikulu, ndipo jezi yake yofiira anali ataivala kale m'maloto kambirimbiri. Koma kwa milungu isanu m'mimba munkapota, thupi likungotha.

"Matumbo ali ndi khoma lopyapyala ngati sefa," anatero dokotala akuloza pepala. "Limalowetsa chakudya m'magazi, zoipa n'kuzitsekera. Likayamba kuchucha, pali kachizindikiro m'magazi kamene kamakwera. Kako kakwera. Sikanena zonse, koma chilipo chikukanda khomalo. Pali mankhwala amene ukumwa?"

"Ayi."

"Uyu?" anaseka amayi ake, amene anakhala pambali pake. "Ngakhale a chimfine timachita kum'thamangitsa. Nanga angam'gwire ndani?"

Mphenzi sanaseke. Miyezi itatu yapitayo bondo litayamba kuwawa, aphunzitsi a masewera anamuuza kuti apume milungu iwiri. Iye anaona ngati zaka ziwiri. Anagula mapiritsi opha ululu kugolosale, n'kumameza awiri m'mawa uliwonse asanadye kanthu. Kenako atatu.

"Ndiye tifufuzabe," dokotala anausa moyo. "Mwina tilowetse kamera m'matumbo."

Amayi anasiya kuseka. Anayamba kupotokola nsonga ya mpango wawo. Mphenzi anawayang'ana. Analowetsa dzanja m'nsapato yakumanzere, natulutsa timapaketi ta mapiritsi, tambiri topanda kanthu, n'kutiyala patebulo.

Dokotala anatitembenuza kamodzikamodzi, osakalipa.

"Ukasiya awa, khoma likhoza kuchira. Pang'onopang'ono. Bondolo tiliunikenso."

"Nanga Loweruka, adokotala?"

"Loweruka ayi, mwanangu."

"Ndingothamanga kamodzi kokhaka. Chaka chamawa ndikhala nditapyola zaka zololedwa."

Dokotala anapukusa mutu n'kuyamba kulemba.

Potuluka anadutsa khonde lalitali lonunkha mankhwala. Amayi anangom'landa nsapato zija, n'kumanga zingwe zake pamodzi, n'kuzikoleka paphewa pawo.

"Tiye, mayi wanga. Usafulumire."

Anatsika masitepe limodzilimodzi, bondo likulira popanda chom'tontholetsa. Nkhalamba ina ya ndodo inawapitirira. Mphenzi anaiona msana mpaka pageti.